Nyale ya oyilo ikayaka: kupeza kumene pulesha ikuthawira

Nyale yofiira ya kachitini kodontha ikayaka pa dashibodi injini ikulira, patukani pamalo abwino n'kuzimitsa injiniyo. Zoti ndikafike kaye kunyumba zisiyeni. Nyale imeneyi ikamayaka ndiye kuti vuto lafika kale, chifukwa pa mainjini ambiri swichi yoiyatsa imadikira pulesha ya oyilo itsike kufika pakati pa 0.2 ndi 0.5 bar (bar ndi muyeso wa pulesha), pomwe injini yothamanga pamsewu imafuna 2.5 mpaka 4 bar kapena kuposerapo. Crankshaft, chitsulo chachitali chimene mapisitoni amazunguliza, siyenera kukhudza mabeyaring'i ake, zitsulo zosalala zimene imazunguliramo. Imayandama pa oyilo wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo oyiloyo akasowa chitsulo chimadyana ndi chitsulo chinzake. Mphindi zochepa zokha zimakwana kuti injini inoke.

Chimene chimadya ndalama pambuyo pake ndi kulota. Wina amathamangira pampu yatsopano, wina amathira oyilo wokhuthala, wina amangosintha swichi, nyale ikazima n'kumati zatheka. Mwamwayi mmodzi wa iwo akhoza kulasa, koma ambiri amabweranso ndi injini yogogoda. Kufufuza koona kumayamba ndi kudziwa kumene pulesha imabadwira.

Pampu imakankha, pulesha imabadwa kutsogolo

Ntchito ya pampu ndi kukankha muyeso womwewo wa oyilo nthawi iliyonse ikazungulira. Pulesha imabwera chifukwa oyiloyo akupeza potulukira pothina. Payipi yothirira mbewu imatulutsa madzi mofooka mpaka mutaika chala pakamwa pake. Madzi ndi omwewo, chasintha ndi potulukira. Mu injini chala chimenecho ndi timipata ta pakati pa crankshaft ndi mabeyaring'i, timene pa galimoto zing'onozing'ono timakhala pafupifupi 0.02 mpaka 0.06 mm. Timipatati tikakula, pampu yabwinobwino ikhoza kukankha mmene imakankhira masiku onse koma geji yoyezera pulesha osakwera. N'chifukwa chake pampu yatsopano pa injini yokutha sithandiza kwenikweni.

Njira ya oyilo iyenera kukhala m'mutu mwa aliyense wofufuza vutoli. Amachoka mu sampu, beseni losungira oyilo la kunsi kwa injini, n'kulowa pa kasefa ka waya kamene kali kumapeto kwa chubu chokokera, n'kufika mu pampu. Pamenepo pali valavu ya sipuling'i imene imabweza oyilo wina pulesha ikapyola malire, kawirikawiri pakati pa 4 ndi 6 bar. Wotsalayo amadutsa mu fyuluta, n'kulowa m'ngalande yaikulu ya m'kati mwa buloko. Kuchokera apo amagawikana: wina ku mabeyaring'i aakulu ogwira crankshaft, kenako kudzera m'mabowo a mu crankshaft momwemo kupita ku mabeyaring'i a ma con rod (zitsulo zolumikiza mapisitoni ku crankshaft), wina kukwera kumutu kukafewetsa camshaft imene imatsegula mavalavu, ndipo pa mainjini ena wina amapita ku turbo ndi ku timipopi topopera oyilo kunsi kwa mapisitoni. Pulesha ingatayike pena paliponse panjira imeneyi, ndipo malo alionse ali ndi zizindikiro zake.

Yambani ndi dipstick, koma muiwerenge bwino

Galimoto iime pamalo athyathyathya, injini itazima mphindi zosachepera 5. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono, kuchokera pa chizindikiro chapansi cha pa dipstick (kamtengo koyezera kuchuluka kwa oyilo) kufika chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Nyale imene imaphethira pokhota, pogwira mabuleki mwamphamvu kapena pokwera chitunda nthawi zambiri ikunena za oyilo wochepa: amathawira mbali imodzi ya sampu, kasefa n'kukoka mpweya. Kuwonjezera kumathetsa nyale, koma funso loti oyiloyo wapita kuti limatsalabe.

Oyilo wochuluka kupyola chizindikiro ndi woopsanso, ndipo ambiri samuganizira. Crankshaft imamumenya n'kukhala thovu, ndipo thovu silinyamula katundu. Ngati palibe amene anawonjezera koma akukwera yekha, mununkhizeni. Fungo la petulo kapena dizilo likusonyeza kuti mafuta akulowa mu sampu, mwina chifukwa cha injector (chopopera mafuta mu injini) yodontha, mwina pa dizilo yokhala ndi DPF (fyuluta yogwira mwaye wa mu utsi) imene imayendetsedwa maulendo afupiafupi osamaliza kudziyeretsa. Oyilo wosungunuka ndi mafuta amayenda ngati madzi pakati pa zala ndipo sagwira pulesha injini ikatentha. Akakhala wotuwa ngati wasakanizika ndi mkaka, madzi a mu radiator alowamo kudzera pa gasiketi ya kumutu kapena pa chozizitsira oyilo.

Funsaninso zimene zinachitika posachedwapa. Ngati nyale yayamba tsiku lomwe anasintha oyilo, kayang'aneni fyuluta ndi mtundu wa oyiloyo musanapite kwina. Mafyuluta a pepala olowa m'chibekete amakhala ndi timaring'i ta labala ndi kamtengo kapakati. Chimodzi chikasowa kapena kuikidwa molakwika, oyilo amangobwerera mu sampu. Fyuluta yongodzaza litsiro payokha siithetseratu pulesha kawirikawiri, chifukwa ili ndi valavu yolambalala imene imatseguka kuti oyilo adutse osasefedwa. Koma yachabechabe imatha kuphwanyika m'kati n'kutseka njira.

Kodi nyaleyo ikunena zoona?

Swichi ya oyilo ndi kachipangizo kosalimba, ndipo imafa kawirikawiri. Pa mtundu wa waya mmodzi, swichi imalumikiza waya ku buloko pulesha ikasowa. Tembenuzani kiyi osaliza injini: nyale iyenera kuyaka. Zulani waya pa swichi: nyale iyenera kuzima. Ikapanda kuzima ndiye kuti wayayo wasupuka penapake n'kukhudza chitsulo. Mukapeza oyilo m'kati mwa pulagi ya swichi, yabooka, isintheni.

Komabe zonsezi zikungotsimikiza za waya ndi swichi, sizikunena kanthu za injini. Kusintha swichi popanda kuyeza pulesha ndi juga, ndipo wobetcha amaika injini yonse. Khutu limathandiza pang'ono: injini imene ilidi yopanda pulesha imachita phokoso la tiki-tiki kumutu, tcheni cha timing, chimene chimazunguliza camshaft, chimalira ngati choikunga chake chimadalira oyilo, ndipo pambuyo pake kumamveka kugogoda kozama kunsi. Koma injini yachete si umboni woti zonse zili bwino.

Geji ya pamanja ndiyo imaweruza

Pamafunika geji yokhala ndi chubu, yowerenga mpaka 7 kapena 10 bar. Masulani swichi, mangani geji pabowo lomwelo. Samalani ndi mazinga a bowolo. Mainjini ambiri a ku Japan ali ndi mazinga a mtundu wa 1/8 BSPT, a ku America 1/8 NPT, ndipo ambiri a ku Ulaya M10x1. Atatuwa amafanana kwambiri pamaso moti cholumikizira cholakwika chimalowa kawiri kapena katatu chisanalimbe. Mukachikakamiza ndi sipanala pa aluminiyamu, mung'amba bowo. Lowetsani ndi zala kaye, ndipo musakulunge tepi yambiri imene zidutswa zake zingalowe m'ngalande.

Lizani injini maso ali pa geji. Singano ikapanda kusuntha pa masekondi 5 mpaka 10, zimitsani. Yankho mwalipeza kale, ndipo chotsatira ndi kutsitsa sampu. Ikakwera, lembani nambala ya injini yozizira. Kenako idikireni itenthe ndithu. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa madzi amatentha msanga kuposa oyilo. Singano ya kutentha ikhoza kufika pakati oyilo akadali wokhuthala. Oyilo ayenera kufika madigiri 80 kapena kuposa, ndipo zimenezi zimatenga mphindi 15 mpaka 20, fani itayaka n'kuzima kangapo. Injini yokutha imatha kupereka 4 bar m'mawa ili yozizira n'kugwa kufika 0.2 bar itatentha. Woyeza mothamanga amaibweza kwa mwini wake kuti ilibe vuto.

Ikatentha, werengani osaponda moto, kenako pa 2,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi), kenako pa 3,000 rpm. Nambala zoyenera zili m'buku la injiniyo, ndipo zimasiyana. Pa mainjini ambiri a petulo a Toyota buku limavomereza 0.3 bar kapena kuposa osaponda moto, nambala imene ena angaione ngati yotsika kwambiri. Buku likasowa, amakaniko amagwiritsa ntchito lamulo lakale la 10 psi pa 1,000 rpm iliyonse, kapena kuti pafupifupi 0.7 bar. Bar imodzi ndi 14.5 psi, ndiponso 100 kPa. Mainjini atsopano ena ali ndi pampu yosinthasintha mphamvu molamulidwa ndi kompyuta, imene imasunga pulesha pansi mwadala pofuna kupulumutsa mafuta. Pa amenewa lamulo lakalelo lingakusocheretseni, ndipo solenoid (valavu yoyendera magetsi) ya pampu nayo imalowa m'gulu la zoyenera kuyeza.

Onaninso liwiro la injini ikamalira yokha. Injini imene yatsika kufika 500 rpm m'malo mwa 750 imatha kuphethiritsa nyale pampu ndi mabeyaring'i zili bwino.

Zimene singano ikunena

Nambala imodzi sikwanira. Chofunika ndi khalidwe la singano injini ikamatentha ndiponso ikamathamanga.

Pulesha yabwino ili yozizira, yotsika kwambiri ikatentha osaponda moto, koma yokwera mukaponda: uku ndi kuthawa kwa oyilo m'mipata yokula. Mabeyaring'i a crankshaft ndiwo oyamba kuwaganizira, makamaka aakuluwo, kenako a camshaft, ndipo pampu yodyeka imachitanso chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti oyilo wotentha ndi wopyapyala, ndipo pampu ikamazungulira pang'onopang'ono sikwanitsa kudzaza zonse zimene zikutayika. Mpata ukakula kawiri, oyilo wothawirapo sawonjezeka kawiri kokha ayi, amachuluka kangapo. Kudyeka kumene diso silingaone kumatha kumeza theka la pulesha. Oyilo wosungunuka ndi mafuta amaonetsanso khalidwe lomweli, choncho ngati mukumukayikira, thirani watsopano wa mtundu woyenera ndi fyuluta yabwino, n'kuyezanso musanamasule chilichonse.

Pulesha yooneka bwino pansi, koma imene imaima kapena kugwa mukaponda moto, kapena singano yonjenjemera: pampu ikusowa chokoka. Vuto lili kumbali yolowera. Kasefa katsekeka, kapena chubu chokokera chili ndi mng'alu, kapena karing'i ka labala polumikizira chubucho ndi pampu kauma n'kumalowetsa mpweya. Sampu yotiwizika itagunda mwala imachitanso zimenezi, chifukwa kasefa kamakhala mamilimita ochepa chabe kuchokera pansi pa sampu, ndipo chitsulo chikakwera pang'ono chimatseka pakamwa. Gwadani muyang'ane kunsi kwa galimoto; n'zodabwitsa kuchuluka kwa mainjini amene amamasulidwa pomwe vuto linali kuoneka panja.

Pulesha yotsika nthawi zonse, yozizira ngakhale yotentha, makamaka ikayamba mwadzidzidzi: ganizirani valavu ya sipuling'i ija. Kachidutswa ka litsiro kakaigwira ili yotseguka, kapena sipuling'i ikathyoka, oyilo amangozungulira kubwerera osapita ku injini. Pa mainjini ena valavuyi imamasulidwa kunja ndi pulagi imodzi. Kapisitoni kake kayenera kutsetsereka kokha m'bowo mwake katapakidwa oyilo, kopanda mikwingwirima. Kuika mawasha kuseri kwa sipuling'i, monga ena amachitira, kumangokweza malire apamwamba. Pulesha yotsika osaponda moto sikusintha nayo, popeza nthawi imeneyo valavu imakhala yotseka kale.

Ziro weniweni, singano osagwedezeka n'komwe: pampu sikuzungulira, kapena chubu chokokera chagwa, kapena pampu ndi youma ndipo ikulephera kukoka. Apa pamafunika kudziwa chimene chimayendetsa pampu pa injini yanuyo. Zina zimakhala pamphuno pa crankshaft penipeni, zina zimayendera tcheni chaching'ono, zakale zina zimayendera kamtengo kochokera ku distributor. Mainjini ena a Volkswagen 2.0 TDI amadziwika ndi kamtengo ka makona 6 kamene kamadyeka m'makona n'kuyamba kuzungulira kokha, pampu itaima.

Nyale imene imachedwa kuzima m'mawa, masekondi angapo limodzi ndi phokoso, kenako zonse n'kukhala bwino, nthawi zambiri imaloza ku valavu ya labala ya mu fyuluta imene imaletsa oyilo kutsika injini ikazima. Fyuluta yabwino imathetsa zimenezi. Zikapitirira, karing'i ka pa chubu chokokera kaonedwe.

Sampu ikatsika

Musathamangire kutsuka. Zimene zili pansi pa sampu ndi umboni. Pendeketsani oyilo wotsalayo padzuwa kapena pa tochi. Tinthu tonyezimira ngati mkuwa kapena siliva timene maginito sakutikoka ndi ta mabeyaring'i. Timene maginito akukoka ndi chitsulo cha crankshaft, camshaft, tcheni kapena magiya a pampu. Zidutswa za pulasitiki zofiirira zimachokera ku zotsogolera tcheni cha timing. Dulaninso fyuluta yakale, koma osati ndi sowo chifukwa utuchi wake ungakunamizeni. Tambasulani pepala lake muone zimene zagwidwa m'makwinya.

Kasefa kayang'aneni moyang'anitsa kuwala. Chimene chimakatseka kawirikawiri ndi phala lakuda louma la oyilo amene anakhalitsa osasinthidwa, ndiponso silikoni. Za silikoni ziyenera kunenedwa mosabisa: womanga sampu kapena chivundikiro cha timing akapaka wochuluka, wina amafinyikira m'kati, n'kuuma, n'kuthothoka ngati tizingwe, ndipo tonse timakathera pa kasefa. Mzere wa mamilimita 2 kapena 3 ndi wokwanira. Pa mainjini amene lamba wa timing amayenda m'kati mwa oyilo, monga mainjini ambiri a Ford 1.0 EcoBoost ndi a 1.2 PureTech ya Peugeot ndi Citroën, lamba akayamba kufumbutuka zinyenyeswa zake zimatseka kasefa. Kutsuka kasefa kokha osasintha lambayo n'kungochedwetsa tsoka.

Sampu ili pansi, mabeyaring'i ali pafupi. Masulani chivundikiro chimodzi cha beyaring'i yaikulu ndi chimodzi cha con rod, makamaka za kutali ndi pampu, ndipo ikani zizindikiro kuti chilichonse chibwerere pamalo pake moyang'ana mbali yake. Beyaring'i yabwino imaoneka yotuwa mofanana paliponse. Mkuwa ukaonekera, kapena pakakhala mikwingwirima imene chikhadabo chikukodwamo, yatha. Poyeza mpata gwiritsani ntchito Plastigage, kachingwe kapulasitiki kamene kamafutukuka kakafinyidwa: pukutani oyilo, gonekani kachingweko mopingasa pa crankshaft, mangani chivundikiro ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa nambala ya m'buku osazunguliza crankshaft, masulani, n'kuyerekeza kufutukuka kwa kachingweko ndi mizere ya pa pepala lake. Yobiriwira imayeza kuyambira 0.025 mpaka 0.076 mm. Pa beyaring'i yaikulu injini ili m'galimoto, crankshaft imalemerera pansi n'kukupatsani nambala yabodza, choncho ikankhireni m'mwamba pang'ono ndi jeke pafupi ndi pamene mukuyezapo. Crankshaft yokwangwanuka kapena yosiya kukhala yobulungira imafuna kupala ndi kuika mabeyaring'i okhuthala ogwirizana nayo, monga a 0.25 mm. Kuika atsopano pa crankshaft yowonongeka kumagwira masiku owerengeka.

Pampu nayo iyezedwe, isangoweruzidwa ndi maso. Tsegulani chivundikiro chake. Ndi feeler gauge (timizitsulo topyapyala toyezera mipata) yezani pakati pa nsonga za mano, pakati pa giya yakunja ndi nyumba yake, ndiponso, mutagoneka chitsulo chowongoka pamwamba, mpata wa pakati pa magiya ndi chivundikiro. Mpata womalizawu ndi umene umataya oyilo kwambiri. Mizere yozungulira yozama pa chivundikiro ikutanthauza kuti pampu inameza zitsulo, ndipo zitsulozo zinachokera kwina kumene kuyenera kupezeka. Kumbukirani kuti pampu ndi chiwalo chokhacho chimene chimamwa oyilo asanasefedwe ndi fyuluta.

Zonsezi zikaoneka bwino koma pulesha ilibe, pali njira ina yabwino kwambiri imene ochepa amaigwiritsa ntchito. Thirani oyilo m'thanki yaing'ono yotsekeka, ipopereni mpweya wa 2 bar, ilumikizeni pabowo la swichi sampu ili yochotsa, n'kuyang'ana kunsi ndi tochi. Beyaring'i yabwino imadontha dontho limodzilimodzi. Pamene oyilo akutsika ngati chingwe ndi pamene pali vuto: beyaring'i ya camshaft yosuntha, kampopi ka pisitoni kothyoka, kapena pulagi ya ngalande yomasuka.

Za oyilo wokhuthala

Kuthira 20W-50 mu injini yopangidwira 5W-30 kumakwezadi singano, ndipo nyale imatha kuzima. Pa injini yakale yopanda zambiri, imene mwini wake akudziwa kuti yatsala pang'ono kumasulidwa, kukwera sitepe imodzi kungaipatse miyezi ina. Koma mpata sunachepe. Chachitika n'chakuti oyilo akuyenda movutikira, amachedwa kufika kumutu m'mawa, ndipo pa mainjini osintha timing ndi oyilo, monga VVT-i ndi VTEC, timabowo ting'onoting'ono ta ma solenoid sitigwirizana naye. Ngati vuto linali kasefa kotsekeka, oyilo wokhuthala amalikulitsa chifukwa ndi wovuta kukoka. Mankhwala okhuthalitsa oyilo a m'mabotolo nkhani yake ndi yomweyo. Otsukira m'kati mwa injini nawo ndi oopsa pa injini yodzaza phala: amatakasa litsiro lonse nthawi imodzi n'kulitumiza pa kasefa.

Injini yongomangidwa kumene

Pulesha ikasowa pa injini imene yangotuluka pa ntchito, musayambe kukayikira zida zatsopano. Yambani ndi manja amene anamanga. Pampu youma sikoka mpweya mokwanira kuti oyilo akwere, n'chifukwa chake pomanga magiya ake amadzazidwa ndi oyilo kapena Vaseline, amene amasungunuka yekha oyilo akatentha. Girizi wa mabeyaring'i a matayala sayenera, chifukwa amatseka timabowo. Fyuluta yoima chilili idzazidwe isanamangidwe.

Musanalize, chotsani mapulagi a moto (ma spark plug), zulani fyuzi ya pampu ya mafuta ndi pulagi ya makoyilo, n'kuzunguliza injini ndi sitata masekondi 10 mpaka 15, kupumitsa sitata pakati kuti isapse, mpaka geji itasuntha. Mukayesa kangapo osaona kanthu, masulani fyuluta muzungulize pang'ono. Oyilo akatuluka pabowo lochokera ku pampu, pampu ikukoka ndipo kutayikako kuli kutsogolo: pulagi ya ngalande imene anaichotsa potsuka buloko n'kuiwala kuibweza, nthawi zambiri kuseri kwa flywheel kapena kwa chivundikiro cha timing, kapena mabeyaring'i a saizi yanthawi zonse oikidwa pa crankshaft yopala. Pabowopo pakakhala pouma, bwererani ku chubu chokokera, gasiketi yake, ndi chimene chimayendetsa pampu. Ngati geji ikuwerenga bwino koma kumutu kuli gwa, onani ngati gasiketi ya kumutu sinaikidwe chotembenuza n'kutseka bowo lokwezera oyilo, ndiponso ngati theka la beyaring'i lokhala ndi bowo linapita kumbali ya buloko, osati ku chivundikiro.